Iraq: Zimene Nkhondo Zinasiyira Eni Dziko

M'mwezi wa Julayi kutentha kwa mumzinda wa Basra kumafika madigiri 50, ndipo nthawi yomweyo ndi imene magetsi a boma amathimathima kwambiri. Mabanja ambiri ku Basra, Baghdad ndi Mosul amalipira magetsi kawiri: ku boma, komanso kwa mwini jenereta wa m'dera lawo, amene amawagulitsa mphamvu powerengera maampeya. Izi zikuchitika m'dziko lopopa mafuta okwana migolo pafupifupi 4 miliyoni pa tsiku, lachiwiri kwa Saudi Arabia m'bungwe la OPEC. Vuto la magetsili linayamba ndi mabomba a mu 1991, ndipo palibe boma limene lalithetsa.

Funso lake ndi lotani

Anthu ambiri akamakamba za nkhondo ya ku Iraq amayambira pa 2003 n'kuthera pa kuwerenga maliro. Kuteroko n'kuona mbali yochepa. Munthu wobadwira ku Baghdad mu 1975 anali ndi zaka zisanu pamene dziko lake linayamba kumenyana ndi Iran. Anali ndi zaka 15 pamene zilango za chuma zinayamba, zaka 28 pamene asilikali a America analowa mumzinda wake, ndi zaka 39 pamene gulu la Islamic State linalanda Mosul. Mavuto atsopano ankamupeza akale asanapole.

Funso loyenera tsono ndi ili: kodi nkhondo zotsatizanazi, pamodzi ndi kulowerera kwa mayiko akunja, zinachita chiyani pa zinthu zimene munthu wamba amadalira, monga madzi, chipatala, sukulu, polisi ndi khoti? Kulowererako kunabwera m'njira zingapo: mabomba, kutseka malonda, kulamulira dzikolo ndi asilikali achilendo, ndiponso kupatsa zida magulu a m'dzikomo. Zonsezi zinawononga kwambiri chinthu chimodzi, chomwe ndi boma monga chida chotumikira anthu. Mavuto ambiri a lero analowera pa mpata umenewo.

Saddam, Iran ndi ngongole

M'zaka za m'ma 1970 Iraq inkatukuka mofulumira. Mu 1972 boma linatenga kampani ya mafuta kukhala yake, mitengo ya mafuta inakwera, ndipo ndalamazo zinamanga zipatala zaulere, mayunivesite ndi misewu. Koma boma lomwelo, la chipani cha Baath, linali lankhanza zoopsa. Saddam Hussein atangotenga upulezidenti mu 1979 anapha anzake a m'chipani momwemo, ndipo mu Sepitembala 1980 anaputa Iran.

Nkhondoyo inatenga zaka zisanu ndi zitatu, n'kupha anthu masauzande mazanamazana mbali zonse ziwiri. Mayiko akunja sanali oonerera chabe. Soviet Union ndi France zinagulitsa zida kwa Saddam, Kuwait ndi Saudi Arabia zinamubwereka ndalama, America inamupatsa nkhani za ukazitape, chifukwa onse ankaopa Iran ya Ayatollah Khomeini. Pa 16 Malichi 1988 ndege za Iraq zinathira mpweya wa poizoni pa tauni ya Halabja, ndipo anthu a mtundu wa Kurd pafupifupi 5,000 anafa. Ena mwa opulumuka akuvutikabe ndi mapapo ndi maso. Nkhondo itatha, Saddam anatsala ndi ngongole yaikulu ndi asilikali ochuluka. Pa 2 Ogasiti 1990 analanda Kuwait.

Mabomba a 1991 ndi zilango za zaka 13

Patangopita masiku anayi, bungwe la United Nations linaletsa malonda ndi Iraq. Mu Januwale 1991 mayiko otsogozedwa ndi America anayamba kuponya mabomba, ndipo anatero kwa masabata asanu ndi limodzi. Pa 13 Febuluwale mabomba awiri anagwera malo obisalamo ku Amiriyah mu Baghdad, n'kupha anthu oposa 400, ambiri a iwo amayi ndi ana.

Imfa zina zinabwera pang'onopang'ono, kudzera m'malo opangira magetsi amene anaphwanyidwa. Baghdad ndi mizinda ya kumwera ili pa chigwa chosalala. Madzi akumwa amayenda ndi mapampu, ndipo zonyansa za m'zimbudzi nazonso zimakankhidwa ndi mapampu. Magetsi akazima, zonyansazo zimasefukira m'misewu kapena kutsikira mumtsinje wa Tigris, momwe anthu a kumunsi amatungamo madzi. Kutsegula m'mimba, taifodi ndi kolera zinafalikira, ndipo ana ndiwo ankayamba kugwa.

Zowonongekazo zikanakonzedwa m'zaka zochepa, koma zilango zinakhalapo mpaka Meyi 2003. Komiti yoyang'anira zilango inkaimitsa katundu amene ankaganiziridwa kuti angagwire ntchito ya nkhondo, ndipo m'gulumo munkalowa zipangizo za mapampu, za magetsi ndi za m'zipatala. Ndalama ya dinar, imene pa mtengo wa boma inali yamphamvu kuposa dola, inagwa mpaka dola imodzi kumasinthidwa ndi madinar masauzande. Malipiro a mphunzitsi anatsika kufika pa madola ochepa pa mwezi. Anthu ophunzira anagulitsa mipando ndi mabuku awo, ana anasiya sukulu kukathandiza makolo, ndipo wogwira ntchito m'boma anazolowera kulandira ya fodya kuti banja lake lidye. Katangale amene akuzunza Iraq lero anazika mizu m'zaka zimenezo.

Saddam ndi abale ake sanagone ndi njala. Anamanga nyumba zachifumu, nagulitsa mafuta mozembetsa. Boma linayambitsa khadi la chakudya, lopatsa banja ufa, mpunga, shuga, tiyi ndi mafuta ophikira. Khadilo linapulumutsa anthu ku njala yaikulu, koma linawamangiriranso kwa wolamulira yemwe zilangozo zinkafuna kumufooketsa. Mpaka lero mabanja a ku Iraq akulandirabe chakudya cha khadi. Akuluakulu awiri a United Nations oyang'anira chithandizo ku Baghdad, Denis Halliday mu 1998 ndi Hans von Sponeck mu 2000, anatula pansi maudindo awo potsutsa zilangozo.

Chiwerengero cha ana amene anafa ndi nkhani yotsutsana. Kafukufuku wa UNICEF wa mu 1999 anasonyeza kuti imfa za ana zinawirikiza kawiri, ndipo chiwerengero cha ana 500,000 chinamveka dziko lonse. Akafukufuku a pambuyo pa 2003 sanapeze kukwera kotero, ndipo mu 2017 akatswiri a chiwerengero cha anthu, Tim Dyson ndi Valeria Cetorelli, analemba kuti boma la Saddam linasokoneza manambalawo. Chimene palibe akutsutsa n'chakuti ana onyentchera anachuluka, zipatala zinasowa mankhwala, ndipo dziko linasauka. Pofika 2003 Iraq inali ngati nyumba yodyedwa ndi chiswe, yooneka yoima koma mitengo ya denga itafumbwa kale.

Kulanda kwa 2003 ndi malamulo awiri a Bremer

Pa 20 Malichi 2003 America ndi Britain zinalowa mu Iraq. Chifukwa chachikulu chimene zinapereka chinali chakuti Saddam akubisa zida zopha anthu ochuluka nthawi imodzi. Zidazo sizinapezeke, ndipo lipoti la gulu lofufuza la America lomwe, lotsogozedwa ndi Charles Duelfer, linatsimikiza zimenezi mu 2004. Kofi Annan, yemwe anali mlembi wamkulu wa United Nations, ananena chaka chomwecho kuti nkhondoyo inali yophwanya malamulo a bungwelo. Ku Britain, lipoti la John Chilcot la mu 2016 linapeza kuti njira zamtendere zinali zisanathe, ndiponso kuti kukonzekera za pambuyo pa nkhondo kunali koperewera kwambiri.

Baghdad inagwa pa 9 Epulo. Masiku otsatira, maunduna, zipatala ndi mayunivesite zinaberedwa, zina n'kutenthedwa, asilikali achilendo akuyang'ana. M'nyumba yosungiramo zinthu zakale munabedwa zinthu pafupifupi 15,000. Unduna wa mafuta unali m'gulu la nyumba zochepa zimene zinalonderedwa, ndipo eni dziko sanaiwale zimenezo.

Kenako kunabwera Paul Bremer, yemwe America inamuika kulamulira dzikolo. Mu Meyi 2003 anasaina malamulo awiri. Loyamba linachotsa ntchito akuluakulu a chipani cha Baath. Popeza mu ulamuliro wa Saddam kunali kovuta kukwezedwa wopanda khadi la chipani, lamulolo linasesa aphunzitsi, mainjiniya ndi oyendetsa maofesi masauzande makumi angapo, kuphatikizapo anthu odziwa kayendetsedwe ka mipope ndi magetsi. Lachiwiri linathetsa gulu lonse la nkhondo. Amuna pafupifupi 400,000 odziwa mfuti anapezeka alibe ntchito ndi ulemu, pamene nkhokwe za zida zinali zosalonderedwa. Ambiri anangovutika mwakachetechete, koma ena analowa m'magulu oukira. Pa zonse zimene olanda dzikolo anachita, malamulo awiriwa ndiwo ovuta kwambiri kuwapezera chodzikhululukira, chifukwa panali akuluakulu a asilikali ndi a ukazitape a America yomweyo amene anachenjeza.

Kugawana boma potsata mtundu ndi chipembedzo

Khonsolo yoyamba imene Bremer anasankha mu Julayi 2003 inali ndi anthu 25: Asilamu a Shia 13, Aluya a Sunni asanu, a Kurd asanu, wa Turkmen mmodzi ndi Mkhristu mmodzi. Kagawidwe kameneka, kamene eni dziko amakatcha muhasasa, kanakhazikika. Nduna yaikulu imakhala ya Shia, sipikala wa Sunni, pulezidenti wa Kurd, ngakhale malamulo a dziko a mu 2005 sanena zimenezo.

Oikira kumbuyo dongosololi amati limateteza kuti gulu limodzi lisapondereze ena monga kale. Koma kayendedwe kake n'kowononga. Chisankho chikatha, zipani zimagawana maunduna, ndipo unduna uliwonse umasanduka munda wa chipani: ntchito zimapita kwa otsatira, makontirakiti kwa makampani a abwenzi. Popeza ndalama pafupifupi 90 pa 100 zilizonse za boma zimachokera ku mafuta, olamulira sadalira msonkho wa anthu, choncho sawaopa. Mu 2014 nduna yaikulu Haider al-Abadi inaulula kuti m'kaundula wa asilikali munali mayina 50,000 a anthu olandira malipiro koma osapezeka pa ntchito. Mu 2022 kunadziwika kuti madola pafupifupi 2.5 biliyoni anabedwa ku akaunti ya bungwe la misonkho.

Magazi anakhetsedwa kwambiri pambuyo pa 22 Febuluwale 2006, pamene mzikiti wa al-Askari ku Samarra, wopatulika kwa a Shia, unaphulitsidwa. Magulu a zida ankaimitsa galimoto n'kupha munthu poona dzina lake pa chiphaso. Madera a Baghdad momwe a Sunni ndi a Shia ankakhala moyandikana n'kumakwatirana anapatukana, ena n'kuzunguliridwa ndi makoma a konkire. Pofika 2007 anthu pafupifupi 2 miliyoni anali atathawira kunja, makamaka ku Syria ndi Jordan, ndipo ena ochuluka chimodzimodzi anali othawa kwawo m'dziko lawo lomwe. Madokotala masauzande anachoka, aphunzitsi a kuyunivesite mazanamazana anaphedwa. Akhristu, amene akuti anali pafupifupi 1.5 miliyoni isanafike 2003, tsopano akuganiziridwa kuti sapitirira 250,000.

Anafa angati?

Asilikali a America amene anafa ndi pafupifupi 4,500, a Britain 179, ndipo aliyense dzina lake likudziwika. Eni dziko sanawerengedwe mwa njira imeneyo. Bungwe la Iraq Body Count, limene limalemba imfa zokhazo zotsimikizika m'manyuzipepala, m'zipatala ndi m'nyumba zachisoni, lili ndi anthu wamba pafupifupi 200,000 ophedwa kuyambira 2003. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2006 anayerekeza imfa zoonjezera 655,000. Wina, wochitika mothandizana ndi WHO, anapeza anthu 151,000 ophedwa pofika pakati pa 2006. Winanso wa mu 2013 anafika pafupi ndi theka la miliyoni pofika 2011.

Manambalawa amasiyana chifukwa amayeza zinthu zosiyana. Kulemba imfa zotsimikizika kumasiya amene anaikidwa m'manda popanda wolemba. Kufunsa mabanja ochepa n'kuchulukitsa kungakweze kapena kutsitsa chiwerengero, malinga ndi madera amene afikiridwa, ndipo banja lothawa kapena lophedwa lonse silifunsidwa. Komanso ena amawerenga ophedwa ndi zida okha, pamene ena amaphatikiza mayi wofa pobereka chifukwa msewu wa kuchipatala unali wotsekedwa. Chodziwika n'chakuti anthu ofa ndi masauzande mazanamazana.

Islamic State

Gulu la Islamic State linachokera ku al-Qaeda ya ku Iraq, imene Abu Musab al-Zarqawi anaikulitsa m'chipwirikiti cha pambuyo pa 2003. Mtsogoleri wake wa pambuyo, Abu Bakr al-Baghdadi, anakhalapo m'ndende ya America ya Camp Bucca mu 2004, ndipo ena mwa akuluakulu ake a nkhondo anali maofisala a gulu la nkhondo lija Bremer anathetsa. Apa pali kutsutsana. Ena amati cholakwa chinali kuchoka kwa asilikali a America mu Disembala 2011. Ena amaloza Nouri al-Maliki, nduna yaikulu imene inamanga ndi kusala a Sunni mpaka iwo kutaya chikhulupiriro m'boma. Nkhondo ya ku Syria nayo inapatsa gululo malo ndi zida. Zifukwa zonsezi zili ndi choonadi, koma palibe mwa izo chikanagwira ntchito mu Iraq yokhala ndi boma lolimba.

Mosul inagwa pa 10 Juni 2014. M'mwezi womwewo anyamata pafupifupi 1,700 ophunzira usilikali anaphedwa pafupi ndi Tikrit. Pa 3 Ogasiti zigawengazo zinafika ku Sinjar, kwawo kwa a Yazidi, n'kupha amuna ndi kugwira amayi ndi ana oposa 6,000, ambiri n'kuwagulitsa ukapolo. Oposa 2,500 sanapezekebe. Nadia Murad, mmodzi mwa opulumuka, analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2018 pamodzi ndi dokotala wa ku Congo, Denis Mukwege.

Kuchotsa zigawengazo kunafunanso mabomba a mayiko akunja. Nkhondo ya Mosul, kuyambira Okutobala 2016 mpaka Julayi 2017, inagumula mzinda wakale, ndipo atolankhani a Associated Press anapeza kuti anthu wamba pakati pa 9,000 ndi 11,000 anafa. Anthu pafupifupi 6 miliyoni anathawa m'makomo mwawo m'zaka zimenezi, ndipo pafupifupi miliyoni imodzi sanabwererebe. Ana obadwa m'madera a zigawenga ambiri alibe zitupa za kubadwa, ndipo wopanda chitupa kawirikawiri savomerezedwa kusukulu kapena pa khadi la chakudya.

Nkhondoyi inasiyanso magulu a zida a Hashd al-Shaabi, amene anakula potsatira kuitana kwa mtsogoleri wa chipembedzo wa a Shia, Ayatollah Ali al-Sistani, mu 2014. Anamenya nkhondo molimba mtima, koma ena mwa iwo amamvera Iran kuposa Baghdad, ndipo ali ndi zipani ndi mabizinesi awo. Iraq inasanduka bwalo lolimbaniranapo America ndi Iran, monga zinaonekera pa 3 Januwale 2020 pamene America inapha mkulu wa asilikali a Iran, Qassem Soleimani, pafupi ndi bwalo la ndege la Baghdad.

Nthaka, madzi ndi matupi

Iraq ili m'gulu la mayiko okhala ndi mabomba okwirira ochuluka kwambiri padziko. Ena ndi a nkhondo ya Iran, ena a 1991 ndi 2003, ena ndi misampha imene zigawenga zinatchera m'nyumba ndi m'minda. Mlimi sangalime munda wotero, ndipo abusa ndi ana ndiwo amaphulikiridwa kawirikawiri.

Nkhani ya matenda ndi yovuta. America ndi Britain zinagwiritsa ntchito zipolopolo za chitsulo cha uranium, matani pafupifupi 300 mu 1991 mokha. Madokotala a ku Basra ndi Fallujah, mzinda umene unamenyedwa kawiri mu 2004, akhala akunena za kuchuluka kwa khansa ndi ana obadwa olumala. Lipoti la unduna wa zaumoyo wa Iraq la mu 2013, lothandizidwa ndi WHO, silinapeze umboni woonekeratu wa kukwera kwa kulumalako, koma asayansi ena anadzudzula kachitidwe kake. Kuloza chinthu chimodzi n'kovuta chifukwa makaundula a zipatala anawonongeka, ndipo anthu omwewo anapumanso utsi wa mafuta ndi fumbi la zitsulo zina. Mu 2022 America inakhazikitsa lamulo lothandiza asilikali ake amene anadwala ndi utsi wa maenje otenthera zinyalala m'misasa yawo. Midzi yoyandikana ndi misasayo inapuma utsi womwewo, koma lamulolo silikuikhudza.

Madzi ndi vuto lokulirakulira. Madamu a ku Turkey ndi Iran achepetsa madzi a Tigris ndi Euphrates, chilala chawonjeza, ndipo boma lofooka lilibe mphamvu pa zokambirana. Mu 2018 anthu oposa 100,000 ku Basra anathamangira kuchipatala atamwa madzi oipa.

Kodi zinthu zinakhalako bwino?

Amene amati kuchotsa Saddam kunali koyenera ali ndi mfundo zosayenera kunyozedwa. A Kurd amakumbukira midzi yawo masauzande imene inagumulidwa mu 1988, ndipo lero ali ndi boma lawo la chigawo ku Erbil. A Shia amakumbukira manda a anthu ambirimbiri a pambuyo poti iwo anaukira Saddam mu 1991, ndipo tsopano mamiliyoni amayenda wapansi kupita ku Karbala pa mwambo wa Arbaeen umene Saddam ankauletsa. Madambo a kumwera, amene iye anaumitsa polanga okhalamo, anabwerera pang'ono. Kuli zisankho ndi manyuzipepala, ndipo kalembera wa mu 2024 anapeza anthu pafupifupi 46 miliyoni.

Otsutsa amayankha kuti wolamulira wankhanza mmodzi analowedwa m'malo ndi eni mfuti ambiri, pa mtengo wa imfa zosawerengeka. Yankho lamphamvu linachokera kwa achinyamata amene sanamudziwe Saddam. Mu Okutobala 2019 anadzaza bwalo la Tahrir ku Baghdad ndi misewu ya Nasiriyah ndi Basra, akufuna ntchito, magetsi ndi kutha kwa muhasasa. Ambiri anali a Shia, otsutsa boma lotsogozedwa ndi a Shia anzawo. Pafupifupi 600 anaphedwa. Nduna yaikulu Adil Abdul-Mahdi inatula pansi udindo, koma ndi ochepa kwambiri mwa akuphawo amene anaimbidwa mlandu.

Chilungamo ndi chipukuta misozi

Iraq inalipira madola 52.4 biliyoni chifukwa cholanda Kuwait, ndalama zodulidwa pa mafuta ake, ndipo inamaliza mu 2022. Palibe dongosolo lofanana nalo la anthu a ku Iraq amene anavulazidwa ndi asilikali achilendo. Pa nkhanza za m'ndende ya Abu Ghraib, zimene zithunzi zake zinatuluka mu 2004, amene anamangidwa anali asilikali a maudindo aang'ono. Ku Haditha, kumene anthu wamba 24 anaphedwa mu 2005, palibe msilikali amene anakakhala kundende. Alonda anayi a kampani ya Blackwater, amene anapezeka olakwa pa kuwombera anthu pa bwalo la Nisour mu 2007, anakhululukidwa ndi Donald Trump mu Disembala 2020. Mu Novembala 2024 khoti la ku Virginia linagamula kuti kampani ya CACI ilipire madola 42 miliyoni kwa amuna atatu amene anazunzidwa ku Abu Ghraib, patatha zaka 20.

M'dziko momwemo ntchito ikuyenda pang'onopang'ono. Lamulo la mu 2021 limapatsa amayi a Yazidi opulumuka ndalama ya mwezi ndi mwezi. Pa msonkhano wa ku Kuwait wa mu 2018, boma linati likufunika madola 88 biliyoni omangiranso madera ogumuka, ndipo malonjezo anafika pafupifupi 30 biliyoni, ambiri a iwo ngongole. Anthu osowa kuyambira m'nthawi ya Saddam akuyerekezedwa pakati pa 250,000 ndi miliyoni imodzi. Mu 2018 United Nations inalemba manda a anthu ambirimbiri oposa 200 m'madera amene zigawenga zinalamulira, ndipo kufukula ndi kuyeza mafupa kukuchedwa chifukwa akatswiri ndi ochepa. Mkazi amene mwamuna wake sanapezeke, wamoyo kapena wakufa, ayenera kudutsa m'makhoti kwa zaka asanapatsidwe chikalata cha imfa, ndipo popanda chikalatacho n'kovuta kulandira penshoni, kugawa chuma cha masiye kapena kulembetsa nyumba m'dzina la ana.